Za Ntchito Zimene Tipatsa Ana M'kalasi: Kuziyesa pa Sukulu ya ku Mulanje

Inu amene mukonzekera uphunzitsi mwamva kawirikawiri kuti mwana aphunzira bwino pochita, osati pongomvera chabe. Mawu amenewa ali oona, ndipo palibe mphunzitsi wanzeru amene angawakane. Koma mawu oona akanenedwa tsiku ndi tsiku anthu aleka kuwayesa, ndipo asanduka ngati nyimbo imene ana aimba osadziwa tanthauzo lake. Chifukwa chake ndifuna kuti tiyese pamodzi ntchito zimene mabuku a sukulu za pulayimale atiuza kupatsa ana, tione pamene zipindula ndi pamene zingodya nthawi. Muyeso wathu ukhala kalasi ya m'boma la Mulanje, pakuti njira yophunzitsira iyesedwa pamaso pa ana enieni a malo enieni.

Mlandu wanga ndi uwu: ntchito ya m'kalasi ipindula ngati ichokera pa chinthu chimene mwana achidziwa kwawo, ndi kumsiyira mawu kapena nambala imene analibe m'mawa. Ikasowa ziwirizi, ngakhale ana athamange ndi kuomba m'manja, phunziro palibe.

Kumene njirayi inachokera

Tisayese kuti kuphunzira pochita ndi nzeru yadzana. Mtsikana wa kumudzi anaphunzira kupeta ali pambali pa amake, lichero lili m'manja, ndipo pamodzi ndi ntchitoyo anatola mawu ake: gaga, mphale, misere, deya. Mnyamata anaphunzira kusema mpini ataona mtengo woyenera, nautchula dzina. Dzanja ndi lilime zinayendera limodzi. Sukulu itafika inabwera ndi kuwerenga ndi kulemba, zimene zili mphatso zazikulu, koma inabweranso ndi kuloweza, kuja kwakuti mphunzitsi anena ndipo ana onse abwereza.

Ofuna kukonza zimenezi analipo kalekale. Ku America John Dewey anatsegula sukulu yake yoyeserera ku Chicago mu 1896, kuti ana aphunzire masamu ndi sayansi pophika, poluka ndi popala matabwa. Kuno kwathu nthumwi za Phelps-Stokes, momwe munali Thomas Jesse Jones ndi Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera Nyasaland mu 1924, nizilangiza kuti sukulu iphunzitse ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja. Boma linakhazikitsa ofesi ya maphunziro mu 1926, ndipo patapita zaka zowerengeka linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi oyendera anzawo anaphunzira ntchito zotere pamodzi ndi akazi awo.

Uphungu umenewo unali ndi nzeru, koma anthu ambiri anaukayikira, ndipo sanalakwe konse. M'maboma a minda ya tiyi, monga Mulanje ndi Thyolo, kholo limene linadziwa kuwawa kwa thangata linatuma mwana kusukulu kuti apulumuke khasu la mwini munda. Kholo lotere likaona mwana wake akulimanso pa sukulu, linafunsa kuti, nanga phindu lake n'chiyani? Funso limeneli musaliiwale, pakuti makolo a ana anu adzalifunsanso.

Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana a sukulu anachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anadzaza, mabuku anaperewera, ndipo kuloweza kunakula mphamvu, popeza ndiyo njira yapafupi yosungira khamu la ana. Silabasi yotchedwa PCAR, imene inayamba ndi Sitandade 1 mu 2007, inafuna kuchiritsa nthenda imeneyi. Inaika mwana pakati pa phunziro, inagawa mitu m'ntchito zoti ana achite, ndipo inati mphunzitsi aziyesa mwana masiku onse osadikira kutha kwa chigawo. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi analimbikitsanso nzeru ya TALULAR, ndiyo kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pamalo pomwepo. Masilabasi asintha ndi zaka, koma ntchito za m'kalasi zidzakhala nanu moyo wanu wonse wa uphunzitsi.

Zimene njirayi ikhoza

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti wodzudzula amene saona chabwino sayenera kumveredwa. Choyamba, njirayi inabwezera mwana pakamwa pake. Kale mwana wabwino anali wokhala chete. Tsopano aloledwa kufunsa ndi kufotokoza, ndipo mphunzitsi akamva kufotokoza kwake adziwa pamene pali mdima. Chachiwiri, inachotsa chowiringula chakuti sukulu yosauka singaphunzitse. Zitsekerero za mabotolo, njere za nandolo, mapesi, dongo ndi makatoni zikwanira kuphunzitsa kuwonkhetsa, kuchotsera ndi maonekedwe a zinthu. Mwana amene wamanga timitengo m'mitolo ya khumikhumi ndi manja ake sadodoma pomuuza kuti mu 34 muli makumi atatu ndi zinayi. Chachitatu, inapatsa ulemu kuimba, kuvina, kujambula ndi kuumba, zimene kale ena anaziyesa masewera a nthawi yopuma.

Pamene ifooka

Komatu akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zofooka zazikulu ndiziona zitatu.

Choyamba ndi ntchito ya m'magulu yopanda kanthu kogwira. Unduna wa zamaphunziro ufuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi a ang'ono a sukulu zambiri zakumidzi ana aposa 100. Tiyeni tiwerenge. Mphunzitsi agawa ana 100 m'magulu 10, ndipo phunziro lili ndi mphindi 30. Kukhazika magulu kutenga mphindi 5. Gulu lililonse likapatsidwa mphindi 2 zofotokozera, zapita mphindi 20. Zotsala zoganizira ndi 5 zokha. M'mphindi zimenezo mwana mmodzi wochenjera alankhula, wina alemba, ndipo asanu ndi atatu ayang'ana kunja. Woyendera sukulu akasuzumira pa zenera aona magulu nakondwa, koma mwana wamanyazi wa kumbuyo abwerera kwawo monga anadzera. Inde mutu umodzi susenza denga, koma denga lake likhalepo. Kuuza ana kuti akambirane chinthu chimene sanachione ndi kuwasenzetsa mphepo.

Chachiwiri ndi makoma amene timanga pakati pa maphunziro. M'makalasi a ang'ono kawirikawiri mphunzitsi mmodzi aphunzitsa zonse, ndipo umenewu ndi mwayi umene wa sekondale alibe. Koma taonani tsiku la mwana: m'Chichewa awerenga za ulendo wa pa basi, m'masamu awerengera malalanje, m'Chingerezi atchula ziwalo za thupi, m'phunziro la luso ajambula nyumba. Ntchito iliyonse payokha ili bwino, koma belu likalira ifa, ndipo inzake iyamba pa bwinja. Mwana aphunzira kuti masamu akhala m'kope la masamu, ndi kuti alibe chibale ndi zimene aona panjira.

Chachitatu, chimene chikhudza kwambiri ife okonda zinenero zathu, ndi kupeputsa mawu. Mabuku alembedwa kuti atumikire dziko lonse, kuyambira Chitipa kufika Nsanje, motero sangatchule phiri la mwana aliyense kapena mawu a agogo ake. Umenewu si mlandu wa olemba. Ndi ntchito yotsalira mphunzitsi. Ku Mulanje kuli Alomwe, Amang'anja ndi Ayao. Ana ambiri alankhula Chichewa, koma kunyumba, makamaka cha kumalire a Muloza, amvanso Chilomwe kwa achikulire. Tsono pofika m'makalasi aakulu mabuku a sayansi, ulimi ndi zachilengedwe akhala a m'Chingerezi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Mwana amene sanaganizepo za kukokoloka kwa nthaka m'chinenero chake, akakumana ndi dzina lake la Chingerezi angoliloweza monga aloweza dzina la mlendo. Pamenepo ntchito ya m'magulu isanduka chete wa manda, chifukwa munthu sakambirana m'chinenero chimene alibe.

Chitsanzo: sabata ya mvula

Kudzudzula kopanda kuonetsa njira n'kosathandiza. Tiyeni titenge kalasi ya Sitandade 4 pa sukulu ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, m'mwezi wa Januwale, ndipo mutu wathu ukhale mvula. Palibe mwana wa kumeneko amene sayidziwa. Yamunyowetsa m'mawa womwewo.

Lolemba muyambe ndi Chichewa. Funsani ana maina a mvula, nimuwalembe pa bolodi. Adzakupatsani mvumbi, uja wogwa masiku osaleka, mawawa, aja ongowaza, matalala, ndi chiperoni, nkhungu yozizira ya m'miyezi ya chisanu imene inatenga dzina kwa phiri la Chiperone ku Mozambique. Chizimalupsa ndi kokalupsa mwina sadzazidziwa, ndipo apo ndi pamene pali phunziro. Aswereni mawuwo: kuzima ndi lupsa, kukoka ndi lupsa. Adzaona okha kuti mvula yoyamba izima moto wa tchire, ndipo yotsatira ikokolola phulusa lake. Muwatume akafunse agogo awo mawu a mvula ndi madzi m'Chilomwe ndi m'Chiyao. Mwana wa Chiyao akabwera ndi wula ndi mesi, muwalembe pafupi ndi mvula ndi madzi, kuti onse aone ubale wa zinenero zathu. Tsiku limenelo mwana amene anachita manyazi ndi chinenero cha kwawo akhala mphunzitsi wa anzake.

Tsiku lomwelo pangani choyesera mvula. Tengani botolo la pulasitiki la mbali zowongoka, mulidule chakumtunda, nimuzondotse chodulidwacho kuti chikhale fanelo. Popeza pansi pa botolo si posalala, thiranimo timiyala ndi madzi kufika pamene mbali ziyamba kuwongoka, ndipo pamenepo mulembe 0. Muliike pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse, pa ora limodzimodzi, ana awiri ayese madzi oonjezeka ndi rula m'mamilimita, alembe pa tchati cha pakhoma, nabwezere madzi pa 0. Ana awiriwo asinthane masiku onse, ndipo mwana aliyense akope nambalayo m'kope lake.

Masamu a sabata imeneyo achokere pa tchaticho. Kuwonkhetsa mvula ya masiku asanu, kuchotsera ya Lachiwiri pa ya Lachinayi, kujambula mizati yoonetsa tsiku la mvula yambiri, zonsezi zili m'silabasi, koma tsopano manambala ake ndi a ana eni. A m'makalasi aakulu mukhoza kuwauza kuti milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ngati chipinda chili mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi, mvula ya mamilimita 25 igwetsa pa denga lake malita 2,000, ndiwo zidebe 100 za malita 20. Mtsikana amene asenza chidebe kuchokera ku mjigo adzamva nambala imeneyi m'khosi mwake.

Lachitatu, pa nthawi ya luso, ana aumbe phiri la Mulanje ndi dongo panja pa kalasi. Aike Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene iposa zonse m'Malawi, ndi thanthwe la Chambe. Akatha, mmodzi athire madzi pamwamba ndi chitini choboola, ndipo onse aone mmene madzi asankhira njira zawo. Pamenepo mutchule mitsinje yeniyeni: Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila ndi Muloza. Muwafotokozere kuti mphepo ya mwera idza ndi chinyezi chochokera ku nyanja ya mchere, ndipo ikagunda phiri ikwera, nizizira, nigwetsa mvula. Ndicho chifukwa chake tiyi, amene Henry Brown anabzala ku Mulanje mu 1891, anakonda dziko limeneli. Mwana wa wothyola tiyi adzadziwa tsiku limenelo chimene chimangiriza mvula ku malipiro a amake.

Lachinayi likhale la ulimi. Konzani timitunda tiwiri totsetsereka mofanana, kena kadothi lokhalokha, kena kophimbidwa ndi udzu kapena mapesi. Musanathire madzi, mwana aliyense alembe m'kope chimene ayesa chidzachitika. Thirani madzi ofanana, nimutape otsika m'mabotolo awiri oonekera. Lina lidzakhala la matope, lina loyera. Tsopano mawu akuti kukokoloka, akalozera ndi vetiva ali ndi pogwira, ndipo mukhoza kunena za mkungudza wa m'phiri, mtengo wa fuko lathu, umene odula ndi moto zautsala pang'ono kuutha. M'phunziro la Chingerezi la tsikulo perekani mawu asanu okha a zinthu zomwezi. Mwana adzawalandira msanga, chifukwa chinthu chake wachiona kale ndipo angochipatsa dzina lachiwiri.

Lachisanu mwana aliyense payekha alembe ziganizo zisanu za mvula ya sabata imeneyo, ndipo m'menemo mukhale nambala imodzi ya pa tchati ndi liwu limodzi latsopano. Apa ndi pamene mudzadziwa amene waphunzira ndi amene anangotsata khamu.

Za Napolo

M'sabata yotere mwana wina adzatchula Napolo, chinjoka chimene akulu ati chikasamuka m'phiri chipita ndi miyala, mitengo ndi midzi. Musamuseke, ndipo musalole anzake kumuseka. Dzinali lasunga chikumbutso cha zinthu zimene zinachitikadi: ku Zomba mu Disembala 1946, ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene derali linali mbali ya boma la Mulanje. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumulanso mapiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre; anthu mazanamazana anafa, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya othawa madzi. Lolani mwana anene zimene anamva kwa agogo, ndipo pambuyo pake mumubwezere ku mabotolo awiri aja ndi ku tchati. Muoneni nayeni kuti mvumbi wa masiku atatu ukhutitsa nthaka ya pamtsetse, ndipo nthaka yopanda mizu yoigwira iterereka. Mwana wodziwa zimenezi akhoza kuuza akwawo kuti usiku uno tisagone m'mbali mwa khwawa. Koma muchite mofatsa, pakuti m'kalasimo mungakhale ana amene anataya abale awo, ndipo mwana wotere asakakamizidwe kulankhula.

Machenjezo atatu

Walira mvula walira matope. Njira imene ndaiyamikayi ili nawo matope ake. Poyamba, si zonse zimene zilumikizika. Maliwu a malembo ndi matebulo a kuchulukitsa afuna kubwereza kwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016 m'makalasi a ang'ono, inaika mphamvu pomwepo. Musatenge nthawi ya zimenezo kuti muumbe mapiri. Mwana wosadziwa kuwerenga sangalembe ziganizo za Lachisanu zija.

Kachiwiri, musatche dzina la phunziro pa ntchito imene ili thangata. Kutuma ana kukasenza njerwa, kutunga madzi a kunyumba kwa mphunzitsi kapena kupalira munda wake si kuphunzira pochita. Ndiponso khasu likakhala chilango cha ochedwa, musadabwe ana akamada phunziro la ulimi.

Kachitatu, musanyozere mayeso. Makolo atuma ana kuti akakhoze mayeso a MANEB ndi kusankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ali ndi ufulu wofuna zimenezo. Kholo likafunsa chifukwa chake mwana wabwera ndi dongo m'malaya, mulionetse kope lake, momwe muli manambala, mizati ndi ziganizo. Ngati mulibe choonetsa, kholo lakhoza ndipo inu mwalakwa.

Mafunso a mphunzitsi asanalowe m'kalasi

Tsono mukamakonza phunziro madzulo, ndipo buku lakupatsani ntchito, muifunse mafunso atatu. Kodi mwana aliyense, ndi wa kumbuyo yemwe, agwira chiyani kapena alemba chiyani? Kodi atuluka ndi liwu liti kapena nambala iti imene analibe? Nanga ine ndidzadziwa bwanji kuti waitenga? Ntchito yoyankha onse atatu muichite monga yalembedwera. Yolephera limodzi muikonze, posintha malalanje a m'buku ndi zinanazi za pa Chitakale, kapena posintha gulu la ana khumi ndi ana awiriawiri. Yolephera onse muisiye osaopa, pakuti silabasi ifuna kuti mwana afike pa chidziwitso, ndipo njira yofikira yaikidwa m'manja mwanu.

Amene mudzatumizidwa ku Nsanje mudzatenga mtsinje wa Shire m'malo mwa phiri, a ku Nkhotakota mudzatenga nyanja ndi mpunga, a ku Kasungu fodya ndi mtedza. Mukafika pa sukulu yanu yoyamba, sabata yoyamba muyende m'midzi yozungulira ndi kope m'thumba, nimulembe maina a mitsinje, mbewu, magule ndi mphepo za kumeneko monga eni ake awatchulira. Kope limenelo lidzakutumikirani zaka zambiri pambali pa buku la mphunzitsi.